Tikachoka ku Maryland, Tipite ku Dallas Kapena ku South Bend?

Funso: Ndine namwino ndipo ndimakhala ku Silver Spring, ku Maryland m'dziko la America, pamodzi ndi amuna anga ndi ana athu atatu. Tonse tili ndi green card, chiphaso chokhalira m'dziko lino mokhazikika. Amuna anga ndi CNA, amasamalira okalamba. Lendi ya nyumba ya zipinda ziwiri ikutimaliza, ndipo zoti tidzagula nyumba kuno tinasiya kuzilota. Alamu anga ali ku Dallas akuti tipite ku Texas chifukwa kulibe msonkho wa pa malipiro. Anzathu a kumpingo akuti ku South Bend, ku Indiana, nyumba n'zotchipa komanso Amalawi ndi ambiri. Mwana woyamba ali giredi 10, wachiwiri giredi 6, wotsiriza ali ndi zaka zitatu. Tilowere kuti? — Mayi wa ana atatu

Yankho: Zikomo mayi. Ntchito yanga ndi yothandiza mabanja pa nkhani za nyumba ndi mapepala a msonkho, ndipo nanenso banja langa ndinalisamutsapo kawiri m'dziko lino, kachiwiriko ndikukonza zimene ndinalakwitsa koyamba. Funso lanu ndimalimva kawirikawiri, ndipo nthawi zonse limabwera litamangidwa mtolo umodzi pamene muli mafunso awiri. Loyamba n'lakuti mupite ku state iti, kutanthauza chigawo cha America chokhala ndi boma ndi malamulo akeake. Lachiwiri, limene anthu amaliiwala mpaka katundu ali kale m'thiraki, n'lakuti mukakhale m'tauni iti, mbali iti ya msewu uti.

Texas ndi yaikulu pafupifupi kasanu ndi kamodzi kuposa Malawi yense. Indiana ikufanana kukula ndi Malawi mukachotsapo nyanja. Munthu wa ku Mzuzu ndi wa ku Nsanje onse ali m'Malawi, koma wina amagona ndi bulangeti pomwe mnzake akugona pakhonde. Ndiye mawu oti "tikupita ku Texas" sanatiuze chilichonse cha mmene Lachiwiri lanu wamba lidzayendere: mudzadzuka nthawi yanji, mudzayenda mtunda wautali bwanji kupita ku shifiti, ndani adzatenge mwana wamng'onoyo mukachedwa. State imalamulira mapepala anu, monga laisensi, msonkho ndi inshulansi. Tauni ndi imene imalamulira moyo. Tiyambe ndi mapepalawo, chifukwa akakana iwowo, zina zonse n'zolankhula chabe.

Inuyo monga namwino muli ndi mwayi. Maryland, Texas ndi Indiana zonse zili m'mgwirizano wotchedwa Nurse Licensure Compact, umene umalola namwino kugwira ntchito m'ma state onse a m'mgwirizanowo ndi laisensi imodzi yotchedwa multistate. Ngati laisensi yanu ya ku Maryland ndi ya multistate, mukhoza kuyamba ntchito ku Dallas kapena ku South Bend tsiku lotsatira mutangofika. Koma mukasamukiratu, lamulo la mgwirizanowu kuyambira mu Januwale 2024 likuti mupemphe laisensi ya kumene mwasamukirako pasanathe masiku 60. Pali kanthu kena kamene anthu a ku South Bend okha ndi amene amakadziwa: malire a Michigan ali pamphuno penipeni pa mzindawo, ndipo Michigan siili m'mgwirizanowu, chimodzimodzinso Illinois kumene kuli Chicago. Mukaona ntchito yabwino ku Niles, tsidya la malire, idzafuna laisensi yakeyake.

Amuna anu ndiye asamale. Satifiketi ya CNA siyenda yokha kuchoka state ina kupita ina. State iliyonse ili ndi kaundula wake wa osamalira odwala, ndipo ayenera kupempha kuti dzina lawo lilowetsedwe m'kaundula wa kumene mukupitako. Ku Maryland kwa nthawi yaitali kunali kusiyana pakati pa CNA wamba ndi GNA, amene ankaloledwa kugwira m'nyumba zosungira okalamba, choncho ayambe aona kuti pepala lawo ndi liti asanalembere. Ayambe izi miyezi iwiri kapena itatu musananyamuke. Banja limene linawerengera malipiro a anthu awiri n'kupezeka kuti mwezi woyamba ndi wachiwiri akulandira ndi mmodzi, limayamba moyo watsopano ndi ngongole ya pa khadi. Inunso mayi, ngati munabwera kudzera ku kampani yolemba anamwino ochokera kunja, tulutsani kontrakiti ija muiwerengenso. Zina zimakhala ndi chindapusa chachikulu munthu akachoka zaka zimene anasainira zisanakwane.

Tsopano nkhani ya alamu anu. Sakunama: Texas siidula msonkho wa state pa malipiro, monganso Florida, Tennessee, Nevada ndi state ya Washington (osati mzinda wa Washington, likulu la dziko). Kumene muliko mumadulidwa kawiri kuwonjezera pa msonkho wa boma lalikulu. Maryland imatenga 4.75 peresenti pa mbali yaikulu ya malipiro a banja ngati lanu, ndipo Montgomery County, boma laling'ono mmene muli Silver Spring, imawonjezerapo 3.2 peresenti. Pa madola 100 aliwonse a ndalama zokhometsedwa msonkho, pafupifupi 8 amapita. Ku Indiana msonkho wa state unali 3 peresenti mu 2025, ndipo St. Joseph County, mmene muli South Bend, imawonjezera 1.75. Ku Texas ziro. Munthu akaona payslip yake yoyamba ku Dallas amamwetulira, n'kutumiza chithunzi pa gulu la WhatsApp, ndipo apa m'pamene pamachokera uthenga woti "bwerani kuno".

Koma walira mvula walira matope. Boma la Texas nalonso limamanga masukulu ndi kulipira apolisi, ndalamazo limazipeza pa nyumba. M'madera ambiri ozungulira Dallas, msonkho wa nyumba mukaphatikiza wa county, wa mzinda ndi wa masukulu umazungulira pa 2 peresenti ya mtengo wa nyumbayo chaka chilichonse, ndipo m'malo ena ongomangidwa kumene umaposa pamenepo chifukwa amawonjezera ngongole ya mapaipi ndi misewu ya malowo. Tiyerekeze kuti mwagula nyumba ya madola 350,000. Ndiye kuti pa chaka mukulipira cha m'ma 7,000, musanachotse kachepetsedwe kamene amapereka kwa mwininyumba wokhalamo yekha. Ndalama imeneyi siidziwa kuti mwezi uno ovataimu kunalibe, kapena kuti bambo akudwala msana. Msonkho wa pa malipiro umatsika malipiro akatsika, wa nyumba sutsika. Ndipo musaganize kuti wochita lendi wauthawa, mwininyumba amauika m'kati mwa lendiyo. Ku Indiana malamulo aakulu a state anaika malire: nyumba imene mwini wake akukhalamo siikhometsedwa kuposa 1 peresenti ya mtengo wake, kupatulapo zowonjezera zimene anthu a m'deralo avotera okha, kawirikawiri za masukulu. Kwa banja limene cholinga chake chenicheni ndi kugula nyumba, ngati lanu, kusiyana kumeneku n'kofunika kuposa kwa pa payslip.

Onjezanipo inshulansi. Kumpoto kwa Texas kumagwa matalala aakulu m'miyezi ya Marichi mpaka Juni, ena ngati mazira a nkhuku, oswa magalasi a galimoto ndi kuboola madenga. Makampani a inshulansi amadziwa zimenezi ndipo mitengo yawo imasonyeza. Musanasankhe, imbirani kampani imene ikusungirani galimoto panopa, muwapatse ZIP code (nambala ya dera ya pa adiresi) ya ku Dallas ndi ya ku South Bend, akuuzeni mtengo wa malo onse awiri. Ndi foni ya mphindi khumi. Msonkho wa pogula zinthu nawo ndi wosiyana: 6 peresenti ku Maryland, 7 ku Indiana, ndipo ku Dallas umafika 8.25. Ndiponso misewu yabwino yambiri ya kumpoto kwa Dallas ndi yolipira, monga Dallas North Tollway, President George Bush Turnpike ndi Sam Rayburn Tollway. Palibe amene amakuimitsani, kamera imangojambula, ndalama n'kumachoka pa akaunti mwakachetechete ngati thumba lobooka.

Sindikunena kuti Texas ndi msampha. Namwino wolandira bwino, wokonda ma shifiti owonjezera, amatsala ndi ndalama zambiri ku Texas kuposa ku Maryland, zimenezo n'zoona. Chimene ndikukana ndi kusankha malo chifukwa cha mzere umodzi wa pa payslip. Tengani pepala, mulembe mizati itatu, Silver Spring, Dallas, South Bend. Pamwamba mulembe malipiro amene chipatala chakulonjezani polemba, osati amene munamva kwa munthu. Muchotse msonkho, lendi, inshulansi ya galimoto ziwiri, magetsi ndi gasi, mafuta, misewu yolipira, inshulansi ya kuchipatala, ndi daycare ya mwana wa zaka zitatuyo. Chotsala pansicho ndiye fodya wanu wa pamphuno, zinazo n'za pachala, za mphepo. Ndipo yembekezerani kuti malipiro a pa ola ku South Bend akhala otsikirapo kuposa amene mwazolowera pafupi ndi Washington. Kwa amuna anu kusiyanaku kungakhale kowawa kwambiri, chifukwa Texas ndi Indiana zonse zinasiya malipiro otsikitsitsa ovomerezeka pa madola 7.25 pa ola, amene boma lalikulu linakhazikitsa mu 2009, pomwe ku Maryland anafika pa 15. CNA salandira 7.25 ayi, koma pansi pakakhala potsika, masitepe onse amatsika nawo.

Za kuchipatala ndinene mwachidule. Ntchito yatsopano ikhoza kukudikiritsani mpaka masiku 90 inshulansi yake isanayambe, ndiye funsani tsiku lenileni musanasiye yakaleyo. Kusamukira ku state ina kumakupatsani masiku 60 oti mugule inshulansi pa tsamba la boma la HealthCare.gov ngakhale si nyengo yolembetsa. Indiana inakulitsa Medicaid, inshulansi ya kuchipatala ya boma, kuti ifikire akuluakulu opeza zochepa kudzera mu Healthy Indiana Plan, Texas inakana mpaka lero. Panopa mwina simukuifuna, koma ntchito imatha.

Nyengo musaipeputse. Anthu amaseka ndikaitchula, koma mabanja amene ndinawaona akubwerera kumene anachokera, ambiri sinali nkhani ya ndalama. Ku Dallas, Julaye ndi Ogasiti kumatentha madigiri 35 kupita m'tsogolo tsiku ndi tsiku, masiku ena kudutsa 38. Ganizirani Chikwawa mu Okutobala, koma pa phula ndi simenti, ndipo usiku osazizira. Ana amakhala m'nyumba, makina oziziritsa akulira usana ndi usiku, bilu ya magetsi n'kumakwera. Kuzizira kumabwera kamodzikamodzi koma kukabwera kumapeza anthu osakonzeka. Mu Febuluwale 2021 chisanu chinagwetsa magetsi a Texas, amene waya wake ndi wodziimira payekha wosalumikizana mokwanira ndi ma state ena, ndipo nyumba mamiliyoni zinakhala mumdima masiku angapo. Boma la Texas lomwe linawerengera anthu 246 omwalira.

South Bend ndiye mbali inayo. Mzindawu uli chakum'mawa kwa Lake Michigan, ndipo mphepo yozizira ikadutsa pamwamba pa nyanjayo imatenga chinyezi n'kudzachikhuthula ngati chipale chofewa pamzindawo. Pa chaka chimagwa chopitirira mita imodzi ndi theka, chochuluka kwambiri kuposa chimene mwachiona ku Maryland. Kuyambira Novembala mpaka Marichi thambo limakhala lotuwa masiku ambiri. Ndikufuna muone chithunzi ichi bwinobwino: ndi mu Januwale, 6 koloko m'mawa kudakali mdima, shifiti ikuyamba 7, galimoto yakwiririka, muli panja ndi fosholo, zala zachita dzanzi m'kati mwa magolovesi, ndipo foni ikulira kuti sukulu ichedwa kutsegulidwa ndi maola awiri. Ana atatu ali m'nyumba. Bambo sanabwere ku shifiti ya usiku. Ngati m'chithunzi chimenechi muli munthu amene mungamuimbire n'kubwera, South Bend ndi malo okhalika. Ngati mulibe, nyumba yotchipayo siidzakutonthozani.

Apa ndiye tafika pa nkhani ya anthu, imene kwa ine ndi yolemera kuposa msonkho. Anzanu a kumpingo akunena zoona kuti dera la South Bend lili ndi Amalawi ambiri poyerekeza ndi kukula kwake. Chimodzi mwa zifukwa zake ndi Andrews University, sukulu ya mpingo wa Seventh-day Adventist imene ili ku Berrien Springs, Michigan, makilomita pafupifupi 40 kumpoto. Mpingo womwewo ndi umene uli ndi Malamulo ku Thyolo, ndipo njira ya ophunzira inatseguka kalekale, wina n'kuitana mnzake, mnzakeyo n'kuitana mphwake. South Bend ndi mzinda wa anthu ongopitirira 100,000 pang'ono. Mzinda wonse mumaudutsa pa mphindi makumi awiri. Munthu akati "ndikubwera" amabweradi. Pakagwa maliro, pakakhala chinkhoswe, pakafunika ufa kapena wokutengerani kaphukusi kumudzi, anthu ali pafupi. Choipa chake mukuchidziwa kale: pamene anthu ali pafupi, nkhani nazonso siziyenda mtunda wautali. Ena amathawa zimenezo.

Ku Dallas Amalawi aliko, ndi anthu a ku Zambia, Zimbabwe, Kenya ndi Nigeria ambirimbiri, ndipo mashopu a zakudya za kwathu sasowa. Vuto ndi mtunda. Dera la Dallas ndi Fort Worth lili ndi anthu oposa 8 miliyoni, omwazikana m'mizinda yambiri yolumikizana: Arlington, Irving, Garland, Plano, Frisco, McKinney, Grand Prairie ndi ina. Alamu anu akamati "ndili ku Dallas", afunseni dzina la tauni yeniyeni. Akakhala ku McKinney inu n'kupeza ntchito ku Fort Worth, ndiye kuti pakati panu pali ulendo woposa ola limodzi, ndipo mudzaonana pa Khirisimasi ngati mmene mukuchitira panopa. Basi ndi sitima za DART zimafika m'mizinda ina yokha. Arlington, mzinda wa anthu pafupifupi 400,000, ulibe mabasi oyenda m'misewu yoikika. Inu mwazolowera sitima ya Red Line ya Metro pa Silver Spring, kumene galimoto ikafa munthu amafikabe kuntchito. Ku Texas galimoto ikafa, tsiku lafa. Ku South Bend mabasi aliko koma banja la ma shifiti awiri lidzafunabe galimoto ziwiri.

Ndiponso kambiranani ndi amuna anu momasuka za alamuwo. Kukufikitsani kwawo mwezi woyamba n'chinthu chabwino, koma mlendo ndi mame. Anthu asanu kulowa m'nyumba ya eni popanda tsiku lotulukira, chibale chimayamba kununkha utsi. Ngati mudzafikire kwa iwo, tsiku lochoka lidziwike musanafike.

Kumbali ya ntchito yanu, Dallas ilibe mnzake pa malo awiriwa. Kuli Parkland, UT Southwestern, Baylor University Medical Center, zipatala za Texas Health ndi za Medical City, ndi zina zosawerengeka. Mukakangana ndi bwana pamalo amodzi, mawa muli pena. Ngati mukulakalaka kukwera, kulowa ICU ya mtundu wapadera kapena kuphunzira kuti mukhale nurse practitioner, mpata ndi waukulu. Ku South Bend olemba anamwino aakulu ndi awiri, Beacon Health System imene ili ndi Memorial Hospital, ndi Saint Joseph Health System ku Mishawaka, kuphatikizapo nyumba zosungira okalamba. Ntchito ilipo, koma mudzi ndi waung'ono, dzina lanu lidzakutsogolerani kulikonse. Dziwaninso mbiri ya chuma cha deralo. South Bend inali mzinda wa fakitale ya magalimoto ya Studebaker, imene inatsekedwa mu Disembala 1963, ndipo mzindawo unataya anthu ambiri pa zaka zotsatira. N'chifukwa chake nyumba zili zotchipa. Lero wolemba ntchito wamkulu wina ndi University of Notre Dame, ndipo ku Elkhart, chakum'mawa, kuli mafakitale opanga magalimoto okhala ndi zipinda zogona aja. Amalipira bwino zinthu zikamayenda, koma chuma chikagwa amayamba ndi iwo kuchotsa anthu, monga zinachitikira mu 2009 pamene pafupifupi munthu mmodzi pa asanu alionse ku Elkhart analibe ntchito. Amuna anu akadzakopeka kusiya za okalamba kuti alowe kufakitale, akumbukire chaka chimenecho.

Tsopano tauni ndi msewu. Pano ndi pamene ine ndinapsa. Ulendo wanga woyamba ndinasaina lendi ya chaka chonse nditangoona zithunzi pa intaneti. Nyumba inali yokongoladi, kapeti watsopano, khitchini yowala. Chimene zithunzi sizinaonetse n'chakuti kuseri kwa mpanda kunali msewu waukulu wa mathiraki osagona, ndiponso kuti malire a masukulu ankadutsa pamsewu wathu womwewo. Ana a tsidya linalo ankakwera basi yopita ku sukulu imene ine ndinasamukira, anga ankakwera ina. Mamita makumi atatu okha. Ndinapita ku ofesi kukadandaula, mayi wa pamenepo anangotembenuza kompyuta n'kundionetsa mapu, chala chake chili pa mzere.

M'dziko lino sukulu ya mwana imatsata adiresi, ndipo malire a school district, dera loyang'anira masukulu a boma, satsata malire a mzinda. Ku Texas nyumba ikhoza kukhala mu mzinda wa Dallas koma ana ake n'kumapita ku masukulu a district ya Richardson kapena ya Plano. Ku South Bend kuli chimodzimodzi: mzinda weniweniwo uli ndi masukulu ake, Mishawaka ili ndi ake, ndipo Granger ndi madera oyandikana nayo ali pansi pa Penn-Harris-Madison, imene makolo ambiri amaithamangira, n'chifukwa chake nyumba za kumeneko n'zodulirapo. Musakhulupirire zolembedwa pa chilengezo cha nyumba. Lowetsani adiresi yeniyeniyo pa tsamba la district, kapena imbani foni. Ndipo pa nyumba zakale zotchipa za m'kati mwa South Bend, funsani chaka chimene inamangidwa. Zomangidwa chisanafike chaka cha 1978 zikhoza kukhala ndi penti ya mtovu, imene imawononga ubongo wa mwana wamng'ono akamadya tizidutswa take kapena kupuma fumbi lake. Lamulo limakakamiza wogulitsa kapena wobwereketsa nyumba yotere kukuuzani zimene akudziwa. Muli ndi mwana wa zaka zitatu, woika chilichonse m'kamwa. Yang'anani mafelemu a mawindo ndi maso anu, ndipo tsikirani m'chipinda cha pansi pa nyumba mununkhize ngati muli chinyezi.

Ana akuluwo ali ndi mbali yawo pa chisankhochi. Wa giredi 10 ndi amene akukuikirani nthawi. Mukasamuka, samukani pa holide yaikulu akangomaliza giredi 10, kuti zaka ziwiri zotsiriza akazichitire pasukulu imodzi. Kumusuntha ali pakati pa giredi 11 kapena 12 kumasokoneza maphunziro amene state iliyonse imafuna kuti mwana amalize, komanso fizi yotsika ya ku yunivesite za boma imafuna kuti banja likhale litakhala mu state imeneyo miyezi 12. Texas ili ndi lamulo la mu 1997 lopatsa malo m'mayunivesite a boma kwa ana amene ali m'gulu la 10 peresenti yapamwamba pasukulu yawo, ngakhale ku University of Texas ku Austin mpata wake ndi wothinirapo. Kwa mwana wanzeru ndi chinthu chachikulu. Indiana nayo ili ndi 21st Century Scholars, imene imalipirira fizi ya ku koleji ana a mabanja opeza zochepa, ndipo mwana amalowamo ali giredi 7 kapena 8. Wanu wachiwiri ali pakhomo pa msinkhu umenewo, koma malipiro a namwino ndi CNA pamodzi akhoza kupitirira malire ake, choncho onani kaye musanawerengere.

Za ulendo wa kumudzi mudzataya kanthu kulikonse kumene mungapite. Panopa muli pafupi ndi bwalo la ndege la Dulles, kumene Ethiopian Airlines imanyamuka kupita ku Addis Ababa n'kukalumikiza ya ku Lilongwe kapena Chileka, ndipo ofesi ya kazembe wa Malawi ili m'Washington momwemo. Kuchokera ku South Bend mudzayamba mwapita ku Chicago, makilomita pafupifupi 150, pa galimoto kapena pa sitima ya South Shore Line, ndipo kumbukirani kuti wotchi ya Chicago ili m'mbuyo ndi ola limodzi. Ku Dallas bwalo la DFW ndi lalikulu, mudzadzera ku Doha, Dubai kapena ku Ulaya.

Mwandifunsa kuti mulowere kuti, ndiye ndisazembe. Ndikanakhala ine, ndi mwana wa zaka zitatu, tonse awiri oyenda ma shifiti, ndipo chimene chikundichotsa ku Maryland n'kufuna nyumba yangayanga, ndikanapendekera ku Indiana, n'kuyang'ana Mishawaka kapena mbali ya Granger. Chifukwa changa ndi mtengo wa nyumba pamodzi ndi msonkho wake wokhala ndi malire, ndiponso anthu okhala pa mtunda wa mphindi khumi. Ndikanasankha Dallas pokhapokha zinthu ziwiri zitakumana: ntchito imene ikukukwezani inuyo, yolembedwa pa pepala, ndi nyumba imene ili pafupi ndi chipatalacho komanso ndi alamu anu nthawi imodzi. Ndipo ngati mmodzi wa inu amavutika maganizo kukakhala mdima ndi chisanu miyezi inayi, zimene ndanena za Indiana zifufuteni, palibe nyumba yotchipa imene ingalipire zimenezo.

Palinso njira yachitatu imene simunaitchule. Vuto lanu likhoza kukhala Montgomery County, osati Maryland. Frederick, Hagerstown ndi madera ena ozungulira Baltimore ndi otsikirapo mtengo, ndipo kumeneko laisensi zanu nonse awiri sizisintha, mwana wamkulu sataya mwayi wa fizi yotsika ku mayunivesite a Maryland, mpingo wanu ndi Dulles zikadali pa mtunda wofikika. Ikani mzati wachinayi pa pepala lija.

Kulikonse kumene mtima wagwera, pitani kaye mukaone, ndipo mupite pa nyengo yoipa: South Bend mu Januwale kapena Febuluwale, Dallas mu Ogasiti. Musapite pa Sabata kapena Lamlungu pokha pamene aliyense wavala bwino ndipo akuphikirani nsima ya nkhuku. Khalani mpaka Lolemba ndi Lachiwiri. Dzukani 6 koloko muyendetse galimoto kuchoka pa nyumba imene mukuiganizira kukafika pachipatala. Bwereraninso pamsewu womwewo 10 koloko usiku, mutsitse galasi, mumvetsere. Lowani mu daycare ziwiri mufunse mtengo ndi kutalika kwa mndandanda wa odikira, ndiponso ngati amatsegula nthawi yoti namwino wa shifiti ya 7 n'kusiya mwana. Chaka choyamba chitani lendi, musagule. Pakutha pa miyezi khumi ndi iwiri mudzakhala mukudziwa misewu imene madzi amadikha, mbali imene ana anu apezako anzawo, ndi ngati ntchitoyo ndi yokhalitsa. A banki nawonso amafuna kuona ma payslip a ntchito yatsopanoyo asanakupatseni ngongole ya nyumba.

Mukasamuka, poti muli ndi green card, aliyense m'banjamo ayenera kudziwitsa USCIS, ofesi ya boma yoona za anthu ochokera kunja, adiresi yatsopano pasanathe masiku 10, pa intaneti kapena pa fomu ya AR-11. Kuuza a positi ofesi kuti azikutumizirani makalata sikulowa m'malo mwa zimenezi. Laisensi yoyendetsera galimoto muisinthe pasanathe masiku 60 ku Indiana, kapena 90 ku Texas, koma galimoto yeniyeniyo ku Texas imafunika kulembetsedwa pasanathe masiku 30. Chaka chosamukacho mudzalembabe mapepala a msonkho a Maryland a miyezi imene munakhalako. Ndipo ngati nthawi yanu yopempha unzika yayandikira, werengani masiku bwino: fomu ya N-400 imafuna kuti mukhale mutakhala miyezi itatu mu state kapena dera limene mukupempheralo, choncho kusamuka mwezi wolakwika kungakubwezereni m'mbuyo.